Mitengo ya nyumba ku Mulanje ndi ku Thyolo: mafunso amene ndimafunsidwa ndi mayankho ake

Ine kwathu ndi ku Mulanje konkuno, ndimakhala chakufupi ndi Chitakale. Zaka zapitazi ndamangako timanyumba ta lendi tingapo, ndaperekezanso abale ndi anzanga ambiri kukaona mapuloti, kuyambira ku Boma, Chonde, Luchenza mpaka ku Bvumbwe uko. Ndiye foni yanga siikhala chete, makamaka kumapeto kwa mwezi abale a ku Joni akalandira, mafunso ake amakhala omwewomwewo. Ndaona kuti bola ndingowalemba pamodzi, wofuna kugula kapena kugulitsa awerenge modekha asanatulutse ndalama.

Kodi nyumba zakweradi mtengo kapena anthu akungokokomeza?

Zakwera ndithu, palibe amene angatsutse. Koma funso loti mudzifunse ndi ili, yakwera ndi nyumbayo kapena yagwa ndi kwachayo? Mu May 2022 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25%, kenaka mu November 2023 inatsitsidwanso ndi 44%, dola imene ku banki inali cha m'ma K1,180 inadumphira cha m'ma K1,700 tsiku limodzi. Simenti, malata, zitsulo, penti, matailosi, mawaya amagetsi, zonsezi zimadalira ndalama zakunja mwanjira ina, kaya ndi katunduyo kaya ndi mafuta omunyamulira kuchokera ku Limbe, ndiye zonse zinanyamuka nthawi imodzi, eni nyumba nawo anangotsatira.

Tiyerekeze nyumba imene munkaiika pa K20 miliyoni mu October 2023. Pa nthawiyo inali ngati madola 17,000 kuchotsera pang'ono. Kwacha itagwa, kuti mupeze madola omwewo munayenera kuigulitsa pafupifupi K29 miliyoni. Ndiye munthu amene anaigulitsa K25 miliyoni chaka chotsatira ankayenda akunena kuti wawina 5 miliyoni, koma atapita ku hadiweya kuti akayambe ina anapeza kuti ndalamayo siyimufikitsa pomwe inali nyumba yoyamba ija. Ine zimenezi ndaziona ndi maso anga, munthu kugulitsa nyumba yokhalamo nkumanga ina mpaka pa lintala basi ndalama yatha, panopa akuchita lendi. Zimandiwawa kwambiri.

Nanga nchifukwa chani malo amavuta chonchi kuno, pomwe sikutauni ngati Blantyre?

Ingokwerani minibasi kuchokera ku Limbe kudzera ku Thyolo muziyang'ana pawindo. Mukangodutsa Bvumbwe muyamba kuona tiyi, mbali iyi tiyi mbali iyo tiyi, mukafika ku Mulanje kulowera ku Muloza ndi chimodzimodzi. Minda imeneyo ndi ya maesiteti, Satemwa, Makandi, Conforzi, Naming'omba ku Thyolo, kuno kwathu Lujeri ndi maesiteti a Eastern Produce, ndipo malo ambiri mwa amenewa anatengedwa kalekale nthawi ya atsamunda, nthawi ija agogo athu ankagwira thangata. Pakati pa boma lathu pakhalanso phiri, lomwe ndi nkhalango yotetezedwa, simungamangemo. Ndiye anthufe tinapanikizika mmipata yotsalayo.

Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 680,000 ku Mulanje ndi oposa 720,000 ku Thyolo. Kuchepa kwa malo kunafika poti boma linabweretsa pulojekiti ya Kudzigulira Malo kuyambira 2004, mabanja ambiri a kuno ndi ku Thyolo anasamukira ku Machinga ndi ku Mangochi kukapeza minda. Amene tinatsala tikuchulukanabe, malo sakukula. Nchifukwa chake kapuloti kakang'ono pa Chitakale mwini wake amakatchula mtengo woti mlendo amadabwa nkumati kodi ndi ku Namiwawa kuno. Sikuti akupenga mwini wakeyo, akudziwa kuti akagulitsa sadzapezanso pena pafupi ndi msewu.

Ndi nyumba zamtundu wanji zimene zikukwera msanga?

Apa ndiye pamene pagona nkhani, chifukwa anthu amangoti "nyumba zakwera" ngati zonse zikuyendera limodzi, pomwe ayi.

Zimene ndaona zikuthamanga kwambiri ndi mapuloti opanda kanthu a mmbali mwa tala, ndi mashopu. Shopu yoyang'ana msewu pa Chitakale, pa Limbuli, pa Bvumbwe kapena pa Luchenza siyikhala mwezi yopanda munthu, wina akatuluka mawa lake kwabwera wa Airtel Money ndi Mpamba, kapena wa saluni, kapena wogulitsa zipangizo za njinga zamoto poti kabaza ndiye wadzaza ponseponse. Makamaka ija yoti kutsogolo shopu kuseri zipinda zogona, imeneyo eni ake sagulitsa wamba, ikamveka kuti ili pamsika dziwani kuti pagwa vuto pakhomopo.

Zachiwiri ndi nyumba zapakatikati, zipinda ziwiri kapena zitatu, chimbudzi ndi bafa mkati, magetsi a ESCOM, mpopi wa Southern Region Water Board pakhomo, ndi mpanda. Zimenezi amazifuna ndi aphunzitsi, manesi, apolisi, ogwira ntchito kwa DC ndi a mabungwe, anthu oti malipiro awo amabwera mwezi ndi mwezi. Zilipo zochepa kuyerekeza ndi ozifuna, ndiye mtengo wake sumabwerera mmbuyo.

Nyumba za mdadada, zija za chipinda ndi pabalaza zitseko zitandandalika, chimbudzi chokumba chimodzi kuseri, zimakwera pang'onopang'ono. Okhalamo ambiri ndi a ganyu, a kabaza, amayi a geni ndi ogwira ntchito mmaesiteti, lendi yawo simungaikweze mmene ikukwerera simenti, mukatero angotuluka. Wogula mdadada kwenikweni amagula malowo.

Ndiye pali zinyumba zikuluzikulu zija, zipinda zisanu, matailosi mpaka pakhonde, denga la IBR lopindapinda, geti yachitsulo. Kumanga kwake kumadya ndalama zoopsa koma pogulitsa zimakhala nthawi yaitali, chifukwa munthu amene ali ndi ndalama zoterozo nthawi zambiri amafuna Blantyre, kapena amafuna kumanga yakeyake mmene akufunira. Ndikudziwa ina imene chikwangwani chake chinachita kufufutika ndi dzuwa ndi mvula osagulidwa. Mwini wake akuwerengera zimene anaononga, ogula akuwerengera lendi imene ingabwere, sakukumana.

Nyumba za kumudzi, zazidina kapena zanjerwa zootcha zomangira dothi, pa malo a makolo, kunena zoona zilibe msika weniweni. Zimagulitsidwa pachibale kapena munthu akapanikizika ndi matenda, mtengo wake ndi wa malata ndi zitseko basi.

Dera lodula kwambiri ndi liti?

Ku Mulanje ndi Boma ndi Chitakale, palibe kukaika, chifukwa maofesi, mabanki, chipatala cha boma ndi msika zili pomwepo. Limbuli ndi Muloza zimakokedwa ndi malonda a pa chipata cha Mozambique, chimanga, nandolo ndi katundu wina wodutsa kuchokera ku Milange, ndiye kumeneko chofunika kwambiri ndi shopu ndi nyumba yosungiramo katundu osati nyumba yokongola. Ku Likhubula nkhani ndi ya alendo okwera phiri, malo oti ukakhala pakhonde ukuona Chambe anthu amawafuna kuti amange malo ogona alendo.

Ku Thyolo ine ndimaika Bvumbwe patsogolo, ngakhale kuposa Boma nthawi zina, chifukwa Bvumbwe ili pafupi ndi Limbe, munthu amatha kugona kumeneko nkumagwira ntchito mtauni tsiku ndi tsiku. Anthu amene alephera mitengo ya ku Chigumula amangosunthira chakumtunda, ndiye mitengo ya Bvumbwe imatsatira Blantyre kuposa mmene imatsatira Thyolo. Kwa Goliati nako kunasintha chibwerere yunivesite ya MUST ku Ndata mu 2014, malo amene anali minda ya chimanga anthu anayamba kumangapo zipinda za ana asukulu ndi ogwira ntchito. Koma kumbukirani kuti ana asukulu amatsekera, zipinda zimakhala zopanda anthu miyezi ina, muziwerengera zimenezo.

Luchenza ndiye ine ndimati anthu amaiderera. Ili ndi khonsolo yakeyake, ili pakati pa maboma awiriwa, njanji inadutsa pomwepo, malo ake ndi athyathyathya osavuta kumanga. Chonde ndi Nkando nakonso kukukula. Msewu wa Midima uja, umene unatchedwa Robert Mugabe Highway, unafupikitsa ulendo wa ku Limbe ndipo malo onse a mmbali mwake anadzuka nawo.

Kodi namondwe wa Freddy anasintha mitengo?

Anasintha, ndipo anasinthanso mmene timaonera malo. Mu March 2023 mvula inagwa masiku otsatizana osalekeza, madzi anatsika mphiri ndi miyala ikuluikulu ndi mitengo, uja makolo amati napolo. Kwa Njema, cha ku Muloza, midzi inakokoloka, milatho inaduka, anthu anataya abale awo ena mpaka lero sanapezeke. Akuluakulu anakumbukira napolo wa ku Phalombe wa 1991. Ndipo Freddy asanabwere tinali titamenyedwa kale ndi namondwe wa Ana mu January 2022 ndi wa Gombe mu March chaka chomwecho.

Kale munthu akamagulitsa puloti ankanyadira kuti ili pafupi ndi mtsinje, madzi omangira simuvutika, mchenga uli pomwepo. Lero mawu omwewo amathawitsa wogula. Malo a mmbali mwa Ruo, Muloza, Lichenya, Likhubula ndi Thuchila, komanso a mmunsi mwenimweni mwa phiri momwe mumadutsa timakhwawa, anthu ozindikira akuwapewa, ndipo malo okwera bwino osatsetsereka kwambiri akwera mtengo chifukwa aliyense akuthamangira komweko.

Chimene chimandidetsa nkhawa nchoti anthu ayamba kuiwala. Papita zaka zochepa chabe koma ndikuona maziko atsopano malo omwe madzi anadutsa, chifukwa ndi otchipa. Mukapita kukaona puloti yang'anani pansi. Mukaona miyala yozungulira yosalala itamwazikana pamalo poti mtsinje uli kutali, kapena mchenga woyera pakati pa dothi lofiira, dziwani kuti madzi anafikapo pamenepo. Funsani agogo okhala pafupi, osati wogulitsayo, muwafunse kuti mayi, madzi a Freddy analekezera pati? Adzakulozerani ndi chala, mwina mpaka pakhoma pomwe pali mzere wa matope.

Nyumba ziwiri zofanana, ina yodula kwambiri kuposa inzake. Chikuchitika nchani?

Kawirikawiri ndi mapepala. Ina ili ndi lizi yochokera ku unduna wa za malo, mabikoni anaikidwa ndi saveya, dzina la mwini wake lili mkaundula. Inayo ili ndi kakalata kolemba pamanja kokhala ndi chidindo cha amfumu. Yoyambayo banki itha kuilandira ngati chikole, ndipo mukaigula mumagona tulo. Yachiwiriyo ndi malo a makolo, mwalamulo amfumu ndi osunga chabe, ndipo tsiku lina atha kutulukira munthu nkunena kuti apa mpamunda pa agogo anga.

Malamulo a malo anasintha mu 2016 ndipo anakonzedwanso mu 2022, anabweretsa njira yolembetsera malo a makolo kudzera mmakomiti a malo a mmidzi, komanso anakhwimitsa nkhani yogulitsa malo kwa anthu amene si nzika za dziko lino. Musanapereke ndalama pitani ku ofesi ya za malo ku khonsolo mukafunse za malo enieniwo, ngati ali ndi lizi kafufuzeni ku ofesi ya za malo ku Blantyre kuti dzina lilipolo ndi la amene akukugulitsaniyo komanso kuti sanaikidwe chikole ku banki. Kuyenda kumeneku kumatopetsa, kumadya thiransipoti, koma ndalama yake ndi yochepa kwambiri poyerekeza ndi imene mukufuna kutulutsayo.

Chinanso, malo oyandikana ndi esiteti samalani nawo. Malire ena sakuoneka ndi maso, pali tchire kapena mabulugamu basi, munthu nkukugulitsani malo amene pamapu ndi a kampani.

Amfumu asainira, wogulitsa ndi bambo wamkulu wa pabanjapo. Pangakhalenso vuto?

Lingakhalepo, ndipo lalikulu. Ili ndiye ndinalilawa ndekha.

Kuno kwathu, kwa Alhomwe ndi Amang'anja, ukwati wambiri ndi wachikamwini, mwamuna amakakhala kwa mkazi, ndipo malo amayenda kuchikazi, kuchokera kwa mayi kupita kwa ana aakazi. Malume ndi mwinimbumba inde, amayang'anira, amaweruza, koma malowo ndi a mbumba. Mkamwini ndiye alibiretu mphamvu yogulitsa ngakhale nyumbayo anamanga ndi iyeyo.

Ine puloti yanga yoyamba ndinagula kwa bambo wina wachikulire, waulemu wake, anandiuza kuti mwana wanga usadandaule, malo ano ndimayang'anira ndine. Tinapita kwa amfumu, tinalemberana, ndinapereka ndalama yonse ndi kangachepe ka amfumu. Ndinaumbitsa njerwa, uvuni unapsa bwinobwino, ndinatuta makoale ndi mchenga. Tsiku loti amisiri ayambe kukumba maziko, mmawa kukadali nkhungu, tinapeza amayi atatu atakhala pamulu wa mchenga uja, atafunda zitenje, makasu ali pambali. Sanakalipe ayi. Wamkuluyo anangoti, achimwene, ife sitikulimbana ndi inu, koma malo ano anatisiyira ndi mayi athu, atsibweni athuwo sanatiuze kanthu, ana athuwa akalima kuti? Ndinasowa choyankha chifukwa ankanena zoona. Nkhani inapita kwa agulupu, inatha miyezi, pomaliza malo anabwerera kwa eni ake, ndalama yanga inabwera mwapang'onopang'ono ndipo siinakwane, njerwa zina ndinasamutsa zina zinasweka panjira.

Chichokereni pamenepo, ndikamaperekeza munthu ndimaumirira kuti azilongo ake a wogulitsayo ndi ana awo akuluakulu akhalepo, asaine kapena adinde chala, ndipo tiyende nawo malire onse ngodya ndi ngodya oyandikana nawo akuona. Wogulitsa akayamba kuti aaa amenewo musawavutitse ali kumunda, ine ndimanyamuka nkumapita.

Nanga nyumba ya masiye?

Zimakhala zotsikirako mtengo chifukwa olowa amafuna agawane msanga, koma mikangano yake ndi yosatha. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limateteza mkazi kapena mwamuna wotsala ndi ana, ndipo kulanda chuma cha masiye ndi mlandu. Wogulitsa akuonetseni makalata ochokera ku khoti omupatsa mphamvu yoyendetsa chumacho, ndipo mayi wamasiyeyo mukumane naye maso ndi maso. Musagule nyumba imene ana amasiye akutulutsidwamo akulira.

Bola kugula yomanga kale kapena kumanga ndekha?

Masiku ano, mukapeza nyumba yomangidwa bwino ya mapepala ake, nthawi zambiri kugula kumatchipa kuposa kumanga yofanana nayo, chifukwa inamangidwa ndi simenti ya mitengo yakale. Vuto ndi loti imafuna ndalama yonse nthawi imodzi, pomwe ambirife timamanga mwapang'onopang'ono, chaka chino maziko, chaka chamawa mpaka pawindo, tikagulitsa nandolo kapena tikalandira ku banki mkhonde tigule malata.

Mukasankha kumanga dziwani kuti kuno mvula ndi yambiri kuposa madera ambiri a dziko lino, ndiye nyumba yosafolera ikadutsa dzinja ziwiri zitatu makoma amayamba kumera ndere, njerwa zomangira dothi zimasungunuka. Bola kumanga yaing'ono nkuifolera chaka chomwecho kusiyana ndi chinyumba chachikulu chongoima. Njerwa zootcha nazo zakwera chifukwa nkhuni zikusowa, ambiri akutembenukira ku mabuloko a simenti. Ndipo chonde musagule matabwa a mkungudza ozembetsa kuphiri, mtengo umenewu watsala pang'ono kutheratu ndipo mukagwidwa nawo ndi mlandu.

Mukasankha kugula, musakomedwe ndi penti. Chikomekome cha mkuyu mkati muli nyerere. Gogodani pulasitala mumve ngati ikulira mphako, kwerani mu siling'i muone ngati chiswe sichinadye mitengo ya denga, yang'anani mmunsi mwa makoma ngati penti ikutukumuka ndi chinyezi, funsani ngati pamwamba anazunguliza bimu. Tengani mmisiri wanu amene sakudziwana ndi wogulitsayo, mumulipire tsiku limodzi.

Ndikagula nyumba yoti ndiziichititsa lendi, ndalama yanga ibwerera liti?

Tengani cholembera. Tiyerekeze mwagula pa K30 miliyoni ndipo mukulandira K150,000 pamwezi. Pachaka ndi K1.8 miliyoni, kutanthauza kuti mudikira zaka pafupifupi 17 kuti ndalama yanu ibwerere, ndipo apo sitinachotse miyezi imene nyumba ikhale yopanda munthu, tenanti wothawa ndi lendi ya miyezi itatu, penti, mapaipi ophulika, thanki ya chimbudzi yodzaza. Ikani manambala a nyumba imene mukuifunayo muone zimene zituluke.

Mmene ndaonera ine, mitengo yogulira yathamanga kuposa lendi, chifukwa lendi imatsatira malipiro a anthu ndipo malipiro sanakwere mofanana ndi zinthu. Ndiye phindu lenileni la nyumba kuno ndi loti imasunga ndalama yanu kuti isasungunuke ndi kugwa kwa kwacha, lendiyo ndi yongothandizira fizi ndi ndiwo. Timanyumba tiwiri kapena titatu tating'ono pa puloti imodzi timabweretsa zambiri kuposa chinyumba chimodzi, ndipo wina akatuluka enawo amakhala akulipirabe.

Ngongole ya ku banki ingathandize?

Pokhapokha malipiro anu ali olimba kwambiri. Reserve Bank inakweza chiwongoladzanja chake kufika pa 26% mu 2024, ndipo mabanki amaonjezerapo pawo. Pa 30%, ngongole ya K10 miliyoni imabala K3 miliyoni pachaka, ndiye kuti K250,000 mwezi uliwonse musanayambe nkomwe kubweza ngongole yeniyeniyo. Lendi ya nyumba ya kuno singakwanitse zimenezo. Komanso banki imafuna nyumba ya lizi. Anthu ambiri amene ndikuwadziwa anamanga ndi SACCO, banki mkhonde, ndalama ya penshoni kapena ya ku Joni. Katapila yekha ndiye musayerekeze, nyumba zambiri zimene zimagulitsidwa motchipa mwadzidzidzi zimakhala kuti wakatapila wafika pakhomo.

Ndili ku Joni, ndikufuna kugula kwathu. Nditani kuti ndisaberedwe?

Achimwene ndi achemwali amene muli ku Johannesburg, Durban ndi Cape Town, inu ndi amene mukukweza mitengo kuno mbali ina, chifukwa wogulitsa akangomva kuti wogula ali ku Joni mtengo umasintha pomwepo. Ndiye choyamba, amene akukufunsirani mtengo asatchule kuti ndalama ikuchokera kunja.

Chachiwiri, zithunzi za pa WhatsApp si umboni. Munthu atha kujambula nyumba ya eni ake nkumakutumizirani chaka chathunthu inu mukutumiza ndalama pa Mukuru. Muimbireni pa vidiyo, ayende kuchokera pamsewu pamene mukupadziwa mpaka kukafika pamalopo foni ili yoyatsa, alankhule ndi oyandikana nawo inu mukumva. Tumani anthu awiri osagwirizana, wina wakuchimuna wina wakuchikazi, kapena wina wa kumpingo kapena kumzikiti kwanu. Pepala lililonse lilembedwe dzina lanu ndi nambala ya chiphaso chanu, osati la mchimwene wanu poti ndi amene ali pafupi. Zimayamba bwino pachibale koma mukadzabwera patatha zaka zisanu mudzapeza iye ndi banja lake akukhalamo ndipo pepala likunena kuti ndi yake.

Ndalama yaikulu idutse ku banki kuti pakhale umboni. Ndipo ngati mungathe, dikirani December mudzaone ndi maso anu.

Nthawi yabwino yogula ndi iti?

Yoonera nyumba ndi dzinja, January kapena February, mvula ili pachimake. Pamenepo denga lodontha silibisika, mudzaona komwe madzi amadikha, mudzaona ngati msewu wolowera umadutsika kapena galimoto imatitimira. Nthawi ya chiperoni, June ndi July, ndi yabwinonso kuona chinyezi, lowani kuchipinda chogona mununkhize, tsegulani kabati.

Kumbali ya mtengo, miyezi yomweyo ya January ndi February ndi pamene anthu amapanikizika, fizi, feteleza, chimanga chatha mnyumba, ndiye ambiri amatsitsa. Apa ndikupempheni chinthu chimodzi, kunenerera kulipo koma musamufinye munthu chifukwa choti ana ake agona ndi njala. Mudzakhala naye moyandikana, abale ake ndi amene adzakhale anansi anu, maliro akadzagwa pakhomo panu ndi omwewo odzakumba manda. Ikafika October mpaka December mitengo imalimba, anthu agulitsa mbewu, obwera ku Mulhako pa Chonde ena amapezerapo mwayi wofunsa malo kwawo, kenaka a ku Joni afika ndi ndalama mmatumba.

Ma ejenti ndi madobadoba, tiziwakhulupirira?

Alipo okhulupirika, amadziwa nyumba iliyonse imene ili pamsika ndipo amakupulumutsani nthawi. Koma ambiri amaika yawo pamwamba, mwini wake wanena K18 miliyoni iwo akuuzani 22, ndiye nyumba imodzi mumaimva mitengo itatu kwa anthu atatu, pa Facebook palinso wina. Izi nzimene zimapangitsa kuti mitengo izioneka ngati yakwera kuposa mmene ilili, chifukwa woyandikana naye akamva 22 ija naye amati yanga ndi 25, pomwe palibe amene anagula pa mtengo umenewo.

Gwirizanani za komishoni poyamba penipeni, kenaka muumirire kukumana ndi mwini nyumba. Ndalama yoonera nyumba ikhale yochepa, ndipo musapereke dipoziti kwa ejenti, perekani kwa mwini wake pamaso pa mboni.

Ndiye mtengo woyenera ndingaudziwe bwanji?

Osafunsa kuti nyumba za kuno akuzitchula zingati, funsani kuti yomaliza kugulidwa mdera lino inapita pa zingati. Amfumu amadziwa, amisiri amadziwa, amayi a pamjigo amadziwa bwino kuposa onse. Mukapeza ziwiri kapena zitatu zimene zinagulidwadi chaka chomwecho mwapeza poyambira.

Kenaka gawani pawiri, malo paokha nyumba payokha. Puloti yopanda kanthu yoyandikana nayo ikupita pa zingati? Nanga mmisiri wanu akuti kumanga nyumba ngati imeneyo lero kungadye matumba angati a simenti, malata angati, njerwa zingati? Phatikizani, muchotsepo za ukalamba wa nyumbayo ndi zimene mukakonze. Ngati mulibe magetsi, werengani mapolo kuchokera pomwe pali thiransifoma, ngati mulibe madzi funsani kuti paipi yaikulu yadutsa pati, chifukwa mawu oti "magetsi ali pafupi" ndawamva pa malo oti polo yomaliza ili kuseri kwa phiri. Madera ena a mmunsi mwa phiri ngati kwa Bondo amagwiritsa ntchito magetsi a MEGA ochokera mumtsinje wa Lichenya, ndipo midzi yambiri imamwa madzi a mipopi yotsika yokha kuchokera kuphiri, ndiye funsani kuti komiti yake ikuyenda bwanji komanso ngati madzi amatuluka mu October.

Ngati ndalama yake ndi yaikulu, lipirani katswiri wowerengera mtengo wa nyumba wovomerezeka, ambiri ali ku Blantyre, abwere adzaione akupatseni lipoti lolemba. Ndipo mu bajeti yanu musaiwale loya, saveya, msonkho wa sitampu posintha umwini, ndi ngongole zakale za madzi kapena za khonsolo zimene mwini wake angakusiyireni. Muuzeni akuonetseni malisiti omaliza musanasaine, ndipo nambala ya mita muilembe papepala la mgwirizano lomwelo.